Mmene mtsikana wa ku England angafikire pokhala katswiri wa mipikisano ya njinga pamsewu

Pa 2 Okutobala 2021 amayi anapikisana koyamba pa mpikisano wa njinga wa Paris-Roubaix ku France, umene amuna akhala akuchita kuyambira 1896. Kutatsala makilomita oposa 80, Lizzie Deignan wa ku Otley, m'chigawo cha Yorkshire, anatsogola yekha polowa msewu woyamba wa miyala, ndipo palibe amene anamupezanso. Miyalayo inali yoterera ndi matope, tayala lakumbuyo linkagwedezeka uku ndi uku, ndipo pamene ankalowa m'bwalo la ku Roubaix zikhatho zake zinali zitanyuka mpaka magazi kumata pa mahandulo. Marianne Vos wa ku Netherlands, yemwe anamuthamangitsa ndi mphamvu zake zonse, anafika wachiwiri.

N'zosavuta kunena kuti anapambana chifukwa cha mphamvu za m'miyendo, koma amene anali pambuyo pake analinso ndi mphamvu zomwezo. Chimene chinamupatula n'chakuti anadziwa malo oyenera kukhala gulu lisanafike pa miyala, ndipo njinga itayamba kuterera sanachite mantha. Luso limenelo anali atalisonkhanitsa kwa zaka 17. Malangizo otsatirawa alembedwera mtsikana wokhala ku England amene akufuna kuyenda njira yomweyo, komanso makolo ake, amene ndiwo amasenza katundu wambiri pa zaka zoyambirira.

Yambirani ku kalabu

Deignan anapezeka mwamwayi. M'chaka cha 2004, ali ndi zaka 15, akuluakulu ofufuza ana aluso a bungwe loyendetsa masewera a njinga ku Britain la British Cycling anafika pa sukulu yake ya Prince Henry's Grammar School, anamuyesa, n'kumutenga. Inu musadikire mwayi wotere. Fufuzani kalabu yapafupi imene ili mu ndondomeko ya Go-Ride, yomwe ndi ya makalabu ophunzitsa ana ndi achinyamata pansi pa bungwe lomwelo, ndipo pitani ndi njinga imene muli nayo. Njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yokwanira, bola ikhale ya msinkhu wanu, mabuleki akhale ogwira, ndipo mukhale ndi chipewa choteteza mutu. Ndalama zimene makolo ambiri amathamangira kuwonongera njinga yodula zimathandiza kwambiri zikasungidwira mafuta a galimoto ndi zolipira polembetsa mipikisano.

Osapitirira zaka 16 amapikisana m'magulu a misinkhu yawo, m'mabwalo otsekedwa mmene simudutsa galimoto, ndipo magiya awo amakhala ndi malire amene oyang'anira amayeza. Lamulo limeneli limakakamiza mwana kuphunzira kuzunguza miyendo mwachangu m'malo mokankha giya yolemera. A zaka 17 ndi 18 ndiwo amatchedwa majuniya, ndipo amenewa amalowa m'misewu yeniyeni.

Ngati mwayamba mochedwa musataye mtima. Emma Pooley anali wothamanga pansi, ndipo anakwera njinga ali pa yunivesite ya Cambridge atavulala. Mu 2010 anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wolimbana ndi nthawi. Anna Henderson anachokera ku masewera otsetsereka pa chipale chofewa, koma mu 2024 anatenga mendulo ya siliva ku Olimpiki ya ku Paris.

Mpikisano woyamba ndi laisensi

Khomo losavuta kulowera ku England ndi mpikisano wolimbana ndi nthawi wa mamailosi 10, umene makalabu amachititsa madzulo a m'kati mwa sabata nyengo yotentha, pansi pa bungwe la Cycling Time Trials. Mumapachika nambala kumsana, wina amakugwirirani njinga, wosunga nthawi amawerenga chotsitsa, ndipo aliyense amanyamuka yekha patapita mphindi imodzi kuchokera pamene mnzake wanyamukira. Mwambo umenewu ndi umene unaumba Beryl Burton, mayi wa ku Yorkshire amene mu 1967 anapalasa mamailosi 277.25 pa maola 12, mtunda woposa umene mwamuna aliyense anali atafikapo pa mpikisano wotero nthawi imeneyo. Pamenepa mumaphunzira kugawa mphamvu zanu kuti zisathere panjira. Komatu simuphunzirapo kupalasa pakati pa anthu, ndiye musakhazikikepo nthawi yaitali.

Kuti mupikisane m'gulu mufunika kukhala membala wa British Cycling ndi kugula laisensi ya mpikisano. Wamkulu aliyense amayambira pa gawo lachinayi. Mapointi amaperekedwa kwa amene afika m'malo oyambirira, ndipo 12 amakukwezani kupita pa gawo lachitatu, 40 pa lachiwiri, 200 pa loyamba, pamene 300 amakufikitsani pa gawo lapamwamba la Elite. Mapointiwa amawerengedwa pa chaka chimodzi, choncho konzani kalendala yanu chaka chisanayambe. Chenjezo langa n'lakuti musamasankhe mipikisano yofooka n'cholinga chongotola mapointi. Woyang'anira timu safunsa kuchuluka kwa mapointi anu kokha, amafunsanso kuti munawapeza polimbana ndi yani.

Luso la m'gulu, pamene pagona nkhani yonse

Mdani wamkulu wa wopalasa njinga ndi mphepo. Amene ali kumbuyo kwa tayala la mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo amene wabisala pakati pa gulu lalikulu amapulumutsa zoposa pamenepo. N'chifukwa chake wamphamvu kwambiri akhoza kugonja kwa wochenjera. Phunzirani kutsatira tayala la mnzanu motalikirana ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri, maso ali patsogolo pa gulu osati pa tayalalo, zala zili pafupi ndi mabuleki koma osawafinya mwadzidzidzi. Musalole tayala lanu lakutsogolo kulowerana ndi lakumbuyo la mnzanu, chifukwa iye akangokhotera pang'ono, wogwa ndinu. Aphunzitsi abwino amatengera ophunzira pa kapinga n'kuwauza kuti azigundana mapewa ndi zigongono ali pa njinga, mpaka thupi litazolowera kuti kukhudzidwa si kugwa.

Malo anu m'gulu ndi chuma. Kumbuyo kumaoneka ngati kopumulira, koma n'kumene kumatopetsa kwambiri: pa kona iliyonse otsogola amadutsa mosafinya mabuleki, pamene a kumbuyo amachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima, kenako n'kuimirira pa mapedulo kuti alumikizanenso ndi anzawo. Mukachita zimenezi kokwana makumi atatu, miyendo imatha mpikisano weniweni usanayambe. Yesetsani kukhala pakati pa anthu makumi awiri oyambirira, ndipo dziwani kuti malo amenewa sasungika. Mukasiya kudutsa ena, ena akukudutsani. Sunthirani kutsogolo pamene gulu lafewetsa liwiro n'kutambasuka m'lifupi mwa msewu, osati pamene lawongoka ngati chingwe.

Mphepo ikamaomba cha m'mbali nkhani imasintha. Malo obisalira sakhalanso kumbuyo kwenikweni kwa mnzanu, amakhala chapambali pake, kumbali imene mphepo ikulowera ikamudutsa, ndipo gulu limapendekera mopingasa msewu. Msewu ukadzaza, otsalawo amakanikizidwira m'mphepete mopanda chowatchinga, ndipo mmodzi akangolephera kugwira tayala, gulu limaduka pomwepo. Choncho usiku woti mawa lake ndi mpikisano onani mapu, onani kumene mphepo ichokere, ndipo lembani pa kapepala komata pa njinga makilomita amene msewu ukhotere, pamene pali zitunda ndi pamene msewu ukuchepa. Deignan sanapezeke kutsogolo mwangozi pa miyala yoyamba ija. Ankadziwa kuti pa njira yopapatiza ndi yoterera, wotsogola ndiye amasankha podutsa, pamene otsatira amalandira matope ndi ngozi za anzawo.

Masewera awiri amaphunzitsa zonsezi msanga. Oyamba ndi a m'bwalo lozungulira lopendekera, monga la ku Manchester limene linatsegulidwa mu 1994, la Lee Valley ku London, la ku Derby, kapena lakale la Herne Hill. Njinga za kumeneko zilibe mabuleki ndipo mapedulo saima, choncho liwiro mumaliwongolera ndi miyendo ndi maso. Deignan anakulira m'menemo: anatenga siliva pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa majuniya mu 2005, ndipo mu 2009 ku Pruszków, m'dziko la Poland, anatenga golide pamodzi ndi Wendy Houvenaghel ndi Joanna Rowsell. Achiwiri ndi cyclo-cross, ya m'matope nyengo yozizira, imene imazoloweretsa thupi kuti tayala likaterera usaume ndi mantha.

Kukonzekeretsa thupi

Pa zolimbitsa thupi sindichulukitsa mawu, chifukwa ndondomeko yeniyeni iyenera kulembedwa ndi mphunzitsi amene amakudziwani. Mwachidule, miyezi yozizira ndi ya maulendo ataliatali pa liwiro loti mungathe kuyankhula, mipikisano ikamayandikira mumawonjezera zigawo zazifupi zowawa, ndipo tsiku lopuma ndi gawo la ntchito. Kachipangizo koyeza mphamvu pa mapedulo n'kothandiza, ndipo matimu akuluakulu adzafuna kuona manambala ake, koma kasalowe m'malo mwa mpikisano.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi chakudya. Pa mpikisano wautali thupi limafuna magalamu 60 mpaka 90 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, ndipo m'mimba muyenera kuzoloweretsedwa zimenezi pa maulendo a tsiku ndi tsiku. M'masewera amenewa muli chiyeso choopsa choganiza kuti kuonda ndiko kukwera zitunda mwachangu. Mtsikana akamadya zochepa poyerekeza ndi ntchito imene akugwira, msambo umasokonekera kapena kusiya, mafupa amafooka n'kumathyoka msanga akagwa, ndipo mphamvu zomwe ankazifunazo zimatha. Kusiya kusamba si chizindikiro chakuti mwalimba. Pitani kwa dokotala. Mphunzitsi amene amayankhula za sikelo kawirikawiri kuposa za mpikisano, musiyeni.

Kuchoka pa mipikisano ya dziko kupita kutsidya la nyanja

Mukafika pa gawo lachiwiri kapena loyamba, lowani timu ya m'dziko momwemo ndipo pikisanani mu National Road Series, mndandanda wa mipikisano ikuluikulu ya pamsewu ya ku Britain. Lincoln Grand Prix, imene imakwera mobwerezabwereza chitunda cha miyala cha Michaelgate, ndi CiCLE Classic ya ku Melton Mowbray, imene imadutsa m'tinjira ta m'minda, ndi mipikisano imene imaonetsa poyera amene ali ndi luso. Mpikisano wa ukatswiri wa dziko ndi wofunika koposa, chifukwa ndi tsiku limene wosalipidwa amaima pa mzere umodzi ndi akatswiri a matimu akuluakulu. British Cycling ilinso ndi ndondomeko yake yosulira achinyamata, ndipo wosankhidwa amapeza aphunzitsi, zipangizo ndi maulendo akunja. Koma kusasankhidwa si kutsekeredwa khomo.

Tsopano pakubwera sitepe yovuta kuposa zonse. Ntchito imeneyi likulu lake lili ku Belgium, Netherlands, France, Italy ndi Spain, ndipo mipikisano ya ku England, ngakhale yapamwamba, siikwanira kukonzekeretsa munthu liwiro la kumeneko. Mtsikana akangotuluka mu ujuniya, kumene mipikisano imakhala ya makilomita 70 kapena 80, amapezeka ali pa mzere umodzi ndi amayi a zaka 30 pa mtunda wa makilomita 130 kapena 160. Alipo ochepa amene amadumpha mpata umenewu, monga Cat Ferguson wa ku Skipton, amene anatenga mamendulo awiri a golide pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa majuniya ku Zurich mu 2024 ali kale ndi mgwirizano ndi timu ya Movistar. Ambiri amayenda pang'onopang'ono, ndipo chaka choyamba chimatha akungolimbana ndi kumaliza mipikisano. Zimenezo si manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi maulendo aafupi a ku Belgium nyengo yotentha. Kumeneko kuli mipikisano yambiri yozungulira m'matauni ang'onoang'ono, yotchedwa kermesse, ndipo imaphunzitsa makona, mphepo ndi kulimbirana malo kuposa buku lililonse. Mufunika chilolezo cha bungwe lanu chopikisanira kunja ndi inshuwalansi imene imalipira ngozi za pa mpikisano, chifukwa ya apaulendo wamba kawirikawiri siilipira. Kumbukiraninso kuti chichokereni Britain mu mgwirizano wa European Union, nzika yake imaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse m'mayiko a Schengen, omwe ndi mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Belgium ndi Spain, ngati ilibe viza kapena chilolezo chokhalira. Werengani masikuwo pa kalendala, kuphatikizapo a kumisasa yokonzekera ya ku Spain, kuopa kuti angakuthereni pakati pa nyengo ya mipikisano. Pa za ndalama, bungwe la Rayner Foundation, lokumbukira katswiri Dave Rayner amene anamwalira mu 1994, limathandiza achinyamata a ku Britain opikisanira kunja. Lembani kalata yopempha nthawi yake isanadutse.

Polembera matimu, tumizani tsamba limodzi lokhala ndi zotsatira zanu zenizeni, manambala a mphamvu, ndi ntchito imene mungagwire m'timu. Mfundo yomalizayi ambiri amaiiwala. Mwa anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri amene timu imaika pa mpikisano, mmodzi kapena awiri okha ndiwo amayembekezeka kupambana. Ena onse amatchinga mphepo, amatsikira ku galimoto kukatenga mabotolo a madzi, amathamangitsa othawa, ndipo tayala la mtsogoleri likaphulika amapereka lawo. Wodziwa ntchito imeneyi sasowa timu. Pa Olimpiki ya ku London, pa 29 Julayi 2012, pamene Deignan (nthawiyo akutchedwa Armitstead) anatenga siliva pambuyo pa Vos mvula ili pamutu, Pooley anali atathera mphamvu zake pothawathawa kuti afooketse adani.

Oyeza mankhwala oletsedwa

Mukafika pamwamba mudzaikidwa m'gulu la oyezedwa nthawi ina iliyonse. Mumalemba pa intaneti, mu ndondomeko ya ADAMS, kumene mugone tsiku lililonse, ndi ola limodzi limene oyeza angakupezeni. Zolakwa zitatu pa miyezi 12, monga kusapezeka pa olalo kapena kusalemba bwino kumene muli, zimatengedwa ngati kuphwanya lamulo, ngakhale m'thupi mwanu musanapezeke kanthu. Mu 2016, milungu yochepa Olimpiki ya ku Rio isanayambe, Deignan anaimitsidwa chifukwa cha zolakwa zitatu zotere, ndipo anapulumuka khoti la zamasewera la CAS litafafaniza cholakwa choyamba, cha pa hotela ina ku Sweden, ponena kuti woyezayo sanachite zonse zoyenera kuti amupeze. Anapikisana n'kufika wachisanu, koma mbiri yake inagwedezeka. Lembani nambala ya chipinda, uzani olandira alendo kuti oyeza akabwera awalowetse, foni isakhale yosalira pa ola lanulo, ndipo ulendo ukasintha sinthani zolembazo nthawi yomweyo. Mankhwala alionse, ngakhale a chimfine, afufuzeni kaye musanamwe, chifukwa lamulo limati chimene chapezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu.

Mgwirizano: werengani musanasaine

Matimu a amayi ali m'magulu atatu. Apamwamba ndi a WorldTour, amene bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse lapansi la UCI linawaikira malipiro ochepetsetsa kuyambira 2020. Anayambira pa mayuro 15,000 pa chaka ndipo pofika 2025 anali 38,000 kwa wolembedwa ntchito. Gulu lapakati la ProTeam linayamba mu 2025, ndipo malipiro ake ochepetsetsa ndi otsikirapo. Pansi pali matimu a Continental, kumene ambiri amayambira, ndipo kumeneko munthu akhoza kupatsidwa njinga, zovala ndi mayendedwe okha. Choncho musathamangire kusiya sukulu kapena ntchito. Pooley anamaliza digiri ya udokotala wa uinjiniya ku Zurich akupikisanabe.

Ndalama za mphoto musazidalire. Pa chipambano chija cha ku Roubaix okonza mpikisano anapereka mayuro 1,535, pamene mwamuna wopambana tsiku lotsatira analandira 30,000. Kampani ya Trek, mwini timu yake, ndiyo inawonjezera kuti zifanane. Zinthu zasintha ndithu chiyambireni mpikisano waukulu wa amayi wa Tour de France Femmes mu 2022, koma matimu amayimabe pa makampani owathandiza, ndipo kampani ikachoka timu imagwa. Deignan zinamuchitikira kawiri motsatizana: timu ya amayi ya Garmin-Cervélo inatha kumapeto kwa 2011, ya AA Drink imene anathawirako inathanso chaka chotsatira, mpaka anakhazikika ku Boels-Dolmans mu 2013, kumene anadzakhala katswiri wa dziko lonse lapansi ku Richmond, ku America, mu 2015. Nayonso Women's Tour, mpikisano waukulu wa ku Britain umene unayamba mu 2014, inalephereka mu 2023 chifukwa chosowa ndalama, ndipo inabwereranso chaka chotsatira pansi pa British Cycling ndi dzina la Tour of Britain Women.

Safunsa anadya phula. Funsani ngati mukulembedwa ntchito kapena mukutengedwa ngati wodzilemba nokha, chifukwa pa njira yachiwiriyi msonkho ndi penshoni zili pamutu panu. Funsani amene alipire chipatala mukathyoka phewa, zimene zichitike ku malipiro mukadwala miyezi itatu, ndiponso ngati njinga ibwezedwe kumapeto kwa chaka. Bungwe la The Cyclists' Alliance, limene opalasa njinga achizimayi anakhazikitsa okha mu 2017, limathandiza mamembala ake kuunika migwirizano, ndipo ndi bwino kulowamo musanalandire pepala loyamba.

Pomaliza yang'anani ndime ya uchembere, ngakhale muli ndi zaka 19 ndipo nkhaniyi ikuoneka yakutali. Deignan atabereka mwana wake woyamba mu Sepitembala 2018 malamulo oteteza mayi woyembekezera kunalibe. Timu yatsopano ya Trek-Segafredo inamulemba ali ndi pakati popanda lamulo loikakamiza. Anabwerera n'kupambana Women's Tour mu 2019, Liège-Bastogne-Liège mu 2020 ndi Roubaix mu 2021, anaberekanso mu 2022, n'kupikisanabe mpaka pamene anapuma mu 2025. Lero lamulo la UCI limakakamiza matimu a WorldTour kulipira malipiro onse kwa miyezi itatu ya tchuthi cha uchembere, ndi theka kwa miyezi ina isanu. Ngati timu imene ikukufunani ili m'gulu lapansi, pemphani kuti ndime yotereyi ilembedwe m'pepala momwemo, pamodzi ndi mwezi umene mgwirizano udzayambirenso kuwerengedwa mukabwerera.